Mapointi Awiri a Che Usumani

"Komishona, mapointi anga ali kuti?"

Zefaniya anali asanavule n'komwe nsapato. Anali atangofika kuchokera ku shifiti ya usiku, maso ali psuu, ndipo funsolo linamugwera kuchokera kudenga, kumene Che Usumani anakhala pa bedi lawo la pamwamba, foni ili m'manja, magalasi ali pa nsonga ya mphuno.

"Mwadzuka bwanji, Che Usumani?"

"Kudzuka ndadzuka. Ndikufunsa mapointi. Anyamata anga atola mpira, dziko lonse laona. Foni yandipatsa chiyani? Palibe."

Smart, amene ankapesa tsitsi pa kagalasi ka kuseri kwa chitseko, anaponya chipeso m'thumba n'kutuluka ngati wina wamuitana panja.

Nkhani yake inali yotere. M'chipinda chimenechi cha ku Satwa, mu mzinda wa Dubai, munkagona amuna asanu ndi mmodzi pa mabedi atatu osanjikiza. Bedi la pansi aliyense ankalifuna, ndipo kale ankalikanganira mpaka kutsala pang'ono kugwirana m'makolala. Ndiye Kapambwe, wa ku Zambia, amene ankagwira ntchito mu bala ya hotela ina ku Al Barsha kumene azungu amaonera masewera, anabwera ndi njira yothetsera phokoso. Kuli mpira wa ku America, uja wooneka ngati papaya, umene amathamanga nawo ataukumbatira. Iwe umasankha osewera enieni pa foni, iwo akachita bwino kwawoko, kuno foni imakupatsa mapointi. Amati fantase. Amuna aja anagwirizana kuti mpira ukamatha kumapeto kwa Disembala, atatu opambana azigona pansi chaka chonse, otsalawo azikwera makwerero. Amuna akuluakulu a ndevu zawo, kugawana malo ogona ndi mpira umene sanaugwirepo!

Chaka chimenecho Zefaniya anali woyamba, Kapambwe wachiwiri. Bedi lachitatu ankalimbirana Smart ndi Che Usumani, ndipo Smart anapambana ndi pointi imodzi yokha.

Pa masewerawa munthu umasankhanso difensi yonse ya timu imodzi, pamodzi ndi kagulu kena kamene kamalowa m'bwalo pokhapokha mpira ukamamenyedwa ndi phazi, kamene amati sipesho timu. Tsono kagulu ka Che Usumani kanamenya mpira m'mwamba, wa timu inayo anauwakha, anathamanga nawo pang'ono, anamugunda, mpira n'kupulumuka m'manja, ndipo mmodzi wa anyamata a Che Usumani anaugwera ndi mimba. Difensi ikatola mpira wopulumuka chonchi, foni imapereka mapointi awiri. Koma mpira wotoledwa ndi sipesho timu unali ndi kabokosi kake kapadera m'malamulo, ndipo kabokosi kameneko kanali kopanda kanthu. Zefaniya, amene anzake anamusankha kukhala woyang'anira malamulo n'kumamutchula kuti Komishona, anakadumpha mu Seputembala, tsiku limene ankakonza malamulowo ali m'basi akuwodzera.

"Kulakwa ndi kwanga," anatero Zefaniya atakhala pa bedi lake, limene linali pansi pa la Che Usumani. "Ndingodzaza kabokosiko pompano, nkhani ithe."

"Ayi. Ine si wopemphapempha. Mlandu saweruza munthu mmodzi ataweramira foni. Aliyense wa m'chipinda chino anene pamaso panu kuti mapointiwo ndi anga. Mmodzi akakana, khalas, zatha, ndizikwera."

"Ndiye ndilembe pa gulu lathu la WhatsApp."

"Pa foni munthu amavomera ndi chala mtima ukukana. Pamaso, Komishona. Kwathu timatero."

Atanena zimenezo anayamba kutsika, popeza nthawi ya ntchito inali itakwana. Zefaniya anaweramira zingwe za nsapato zake n'kuchita ngati zamangika mfundo. Anamva chitsulo chikulira, kenako kupuma kwa munthu amene akumeza ululu, kenako phazi limodzi likufufuza pansi. Linalo linatenga nthawi kuti litsatire.

Bondo la Che Usumani aliyense m'chipindamo ankalidziwa, koma palibe analitchulapo. Ankalimanga bandeji m'bafa atakhoma chitseko. Fungo la mafuta otentha aja a Amwenye linkadzaza chipinda, anthu n'kumati ndi sopo wa Smart. Anali mlonda wa pa geti, woimirira tsiku lonse, zaka zikuyandikira makumi asanu ndi limodzi, ana awiri akadali pa sukulu ku Namwera. Kampani yawo inkaonjezera makontrakiti mu Januwale, ndipo mlonda wotsimphina samuonjezera. Kukwera ndi kutsika kuja n'kumene kunkalimaliza bondolo, makamaka ponyamuka kukapemphera m'bandakucha. Koma munthu wamkulu sumuuza kuti watha mphamvu. Umangoyang'ana kumbali. Umenewo ankautcha ulemu.

Chitseko chitatsekeka, Zefaniya anayang'ana pilo wake. Pilo anamuyang'ananso. Kenako anamanganso zingwe za nsapato.

Vuto linali loti amuna asanu ndi mmodzi aja sankapezeka pamodzi. Inali sabata ya pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere, pamene Dubai yense amadya ndi kumwa ndipo antchito sapuma. Kapambwe ankagona ku hotela komweko. Abubakar ndi Muhammad, amene anali madalaivala a m'nyumba za anthu, ankagona m'magalimoto podikira mabwana awo. Kuti amve mawu a aliyense pamaso, Zefaniya anayenera kuwatsatira mmodzimmodzi masana, nthawi yake yogona.

Smart anamupeza ku Mankhool, kuseri kwa nyumba yosanja imene ankasesako, akutsuka mabini ndi paipi.

"Bigi, musandiyang'ane choncho," anayamba Smart asanafunsidwe. "Ine ndimafuna kuluza! Mukaone timu yanga. Anyamata anga onse abwino ndinawakhazika pa benchi. Ndinalowetsa wina amene chiyambire Seputembala sanagwirepo mpira, munthu woti ngakhale amayi ake samudziwa. Dzulo lomwelo wagoletsa kawiri! Ndinali pansi pa bulangete ndikumutukwana."

Zefaniya anafuna kuseka, koma kuseka kumafunanso mphamvu.

"Nanga bwanji osangowapatsa bedilo?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti madala, taona kuti mwatha, gonani pansi? Akhoza kundilavulira. Mukawauze inuyo, si ndinu Komishona?"

"Ndiye ukuvomera mapointi?"

"Ndavomera kalekale. Koma musakanene kuti ndavomera msanga. Mukanene kuti ndinakana, ndinalusa, ndinaponya tsache. Mukawonjezere kuti ndinawatchula kuti ndi akuba. Asangalala."

Abubakar anamupeza pa malo othirira mafuta m'galimoto, akudya paratha, chapati cha Amwenye, pa chiwongolero. Anamvetsera nkhani yonse, anapukuta pakamwa, n'kunena kuti iye avomera zimene anzake avomere. Muhammad anamupeza panja pa saluni, akudikira madamu ake, ndipo asanamalize kulongosola madamuwo anatulukira akumufulumizitsa. "Yalla, yalla, Muhammad!" Muhammad anangotulutsa mutu pa windo galimoto ikunyamuka. "Ndavomera, achimwene! Chilichonse chimene mukunenacho!"

Dzuwa linapendeka Zefaniya asanagone. Anasamba kumaso, anavala yunifomu, anapita kukalondera nyumba ya maofesi imene usiku munalibe munthu, n'kubwerako m'mawa mutu ukulira ngati firiji yakale.

"Atatu avomera," anawauza Che Usumani. "Smart anavuta kwambiri. Anakutchulani kuti ndinu akuba."

"Mwana wopanda mwambo," anatero Che Usumani, nkhope ikuwala. "Watsala wa ku Zambia uja."

Anatsikanso makwerero. Zefaniya anaweramiranso zingwe za nsapato. Ulendo uno kutsikako kunatenga nthawi yaitali kuposa dzulo lake.

Ku Al Barsha anapita pa sitima ya metro, ataimirira njira yonse pakati pa alendo onyamula majumbo a m'masitolo. Kapambwe anatulukira pa khomo la antchito la kuseri kwa hotela, thaulo lili paphewa, mimba ili patsogolo. Anamvetsera mpaka kumapeto akupukusa mutu.

"Awe, ba Zefa. Awe. Gemu ikasila, yasila. Malamulo sitichinja pambuyo. Mu Seputembala tonse tinavomela, kabokosi kalibe kanthu."

"Palibe anakaona kabokosiko, Kapambwe. Ndi ine ndinaiwala."

"Manje ni mulandu wanga? Mvelani. Mukaikamo mapointi lelo, foni izapenda futi magemu yonse kuchoka ku Seputembala. Amene anawina azaluza, amene analuza azawina. Kapena ni ine nizakwela pamwamba. Onani mimba iyi, habibi, munzanga. Mukanikweza, chisulo chizatyoka, muzatitola na supuni ine na uja ali pansi."

"Ndi mapointi awiri okha, mlamu."

"Si mapointi. Ni bondo ya ba mudala. Tonse tiziba."

Zefaniya anacheuka mofulumira, ngati kuti Che Usumani angamve ali ku geti kwawo kutsidya la mzinda.

"Mwaona?" anatero Kapambwe. "Imwe ba Malawi na ulemu wanu. Munthu afa, imwe muli chabe zikomo, zikomo. Bakambe kuti bondo ibaba, tione zochita. Koma gemu yanga musaiononge." Wina anamuitana m'katimo, iye n'kulowa.

Pobwerera Zefaniya anapeza mpando, ndipo mpandowo unamupweteka. Anatseka maso pang'ono, n'kudzidzimuka sitima itamupitiriza kutali, pafupi ndi bwalo la ndege. Anatsika, anawoloka, anakwera ina. Pofika ku Satwa nthawi yogona inali itatha. Anangosintha malaya.

M'mawa mwake anachita mantha kukakumana ndi Che Usumani. Akawauza kuti Kapambwe wakana, nkhani yatha, chaka china cha makwerero. Anaganiza zozengereza, mwina mawa Kapambwe afewa, mwina apeza mawu ena omunyengerera. Zengerezu adalinda kwawukwawu. M'malo mopita kuchipinda anakhala m'kashopu ka tiyi mpaka dzuwa litakwera, atatsimikiza kuti mkuluyo ananyamuka kalekale, kenako anadzera kwa atelala kukatenga buluku lake la yunifomu limene linang'ambika pa thumba.

Mai Zakiya ankasoka m'shopu ya Mpakistani wina mu msewu wa atelala. Anali a ku Machinga, anakhala ku Dubai zaka zambiri, ndipo mayunifomu a Amalawi theka la Satwa anadutsa pa makina awo. Anamuyang'ana Zefaniya kamodzi.

"Iwe, wamwalira liti? Maliro ako sitinamve."

"Ndi tulo, Anti."

"Tulo amagona. Khala apo, buluku lako sindinaliyambe."

Anakhala pa mpukutu wa nsalu, ndipo poti munthu wotopa pakamwa sipakhala chitseko, anafotokoza zonse: mpira wa papaya, sipesho timu, kabokosi, mapointi awiri, Smart, Kapambwe. Mai Zakiya, amene tsopano ankasoka buluku lija, makina sanaimitse.

"Za mpirazo sindinamvepo kanthu, ndipo usabwereze," anatero. "Che Usumani ndimawadziwa. Mwendo wa kumanja wa buluku lawo ndinaukuza ndine, kuti bandeji isamaoneke. Akufuna bedi la pansi, eti?"

"Eya. Koma safuna chisoni."

"Iwe umagona pati?"

"Pansi. Pansi pa iwowo."

"Usiku?"

"Usiku ndimakhala kuntchito, Anti. Ndimagona masana."

"Iwo masana amakhala kuti?"

"Kuntchito."

Mai Zakiya anaimitsa makina, anadula ulusi ndi mano, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndiye usiku bedi lako limagona ndi ndani?"

Zefaniya anadzimenya pa chipumi.

Musamuyese chitsiru kwambiri. M'zipinda zija bedi la munthu ndiye nyumba yake, ndiye mudzi wake. China chilichonse n'chogawana: mpopi, ketulo, mpweya. Bedi lokha ndi lako. Umalitchinga ndi chitenje, umapachikamo zithunzi za ana, ndipo mnzako sakhalapo ngakhale pomanga nsapato. Zefaniya anamusamutsira ku shifiti ya usiku mu Juni. Chiyambire pamenepo madzulo aliwonse ankayala bwino, kukoka chitenje chake cha maluwa, n'kupita, osaganizapo kuti akusiya chiyani kumbuyo.

"Sikuwapatsa," anapitiriza Mai Zakiya akupinda buluku. "Ukawauze kuti azikusungira bedilo usiku, akuba achuluka. Nena chilichonse. Amuna inu mumayenda Dubai yense kufunafuna nsapato imene mwavala. Tenga buluku lako, uzipita, ukunditsekera kuwala."

Anatuluka pafupifupi kuthamanga. Anadutsa mashopu a nsalu, ogulitsa matayala, kanjira ka amphaka, akukonza mawu m'mutu. Adzawauza madzulo, asananyamuke. Adzanena mosasamala, ngati nkhani ya ketulo. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anamva thupi kupepuka.

Pakhomo pa chipinda anapeza nsapato zakuda, zopolishidwa bwino, zitaikidwa moyandikana. Nthawi imeneyo nsapato zimenezo zinayenera kukhala pa geti.

Che Usumani anakhala pansi pa simenti, msana atatsamira makwerero, akadali mu yunifomu. Mwendo wa kumanja anautambasula, buluku atalikwinya mpaka m'ntchafu, bandeji itamasulidwa. Bondo linali ngati dzungu. Sanalibise.

"Lowani, Komishona. Chipinda n'chanu."

"Chachitika n'chiyani?"

"Ndatsika molakwa m'mawa. Phazi linaterereka pa chitsulo chomaliza. Ndinalimba mtima mpaka pa msewu, koma pokwera vani ya kampani mwendo unakana. Supavaiza anali pampando wa kutsogolo. Wanditengera yekha ku chipatala, munthu wabwino ndithu, anandigulira ndi madzi." Anasisita bondo lija. "Kontrakiti ithera mu Januwale momwemu. Akuti ndikapume kwathu."

Zefaniya anakhala pansi pomwepo, buluku lake lili m'manja. M'mawa uja akanabwera molunjika, bwenzi ali pomwepo potsika paja. Kaya akanawagwira, kaya akanaweramiranso zingwe za nsapato, iye mwini sanadziwe.

"Wa ku Zambia wati chiyani?" anafunsa Che Usumani.

"Wakana."

"Eya. Ameneyo ndiye mwamuna. Enanu mumangondivomera ngati wodwala." Anaseka pang'ono, kenako anayang'ana m'mwamba, kumene kunali bedi lawo. "Ndakhala pano chibwerere. Ndikuganiza mmene ndikwerere."

Zefaniya anadzuka, anakoka chitenje cha maluwa chija mpaka kumapeto. Mawu onse amene anakonza m'njira anabalalika.

"Che Usumani, bedi ili limakhala lokha usiku. Kuyambira mu Juni."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Ndimaponda m'mphepete mwake usiku uliwonse ndikamakwera. Ndingalephere kudziwa?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Bedi la mwini? Ndiyambe ndine?" Anamuyang'ana, osati mokwiya, koma ngati munthu amene watopa ndi ulendo. "Nanga iwe bwanji sunanene, mphwanga?"

Zefaniya anawagwira m'khwapa, iwo sanakane, ndipo anawagoneka pa bedi lija. Anawaikira pilo pansi pa bondo. Che Usumani anapuma mpweya wautali, anayang'ana zithunzi za ana a Zefaniya zimene zinali pa khoma, n'kunena kuti wamkuluyo wafanana ndi bambo ake mphuno, Mulungu amuchitire chifundo. Posakhalitsa anagona.

Zefaniya anatenga bulangete lake n'kukwera. Anali asanakwerepo makwerero amenewo. Zitsulo zake zinali zowonda, zoluma ku mapazi, ndipo chachiwiri chinkagwedera. Pamwambapo denga linali pafupi ndi mphuno, ndipo mphepo yozizira ya makina inkawomba molunjika m'mawondo. Anagona chagada, maso ali tong'o, munthu amene sanagone masiku atatu, mpaka nthawi ya shifiti inakwana.

Che Usumani anagona pa bedi la pansi masiku amene anawatsalira. Smart anawanyamulira chikwama mpaka ku bwalo la ndege, akukangana nawo njira yonse kuti mapointi aja sanali awo, ndipo iwo anakwera ndege ali okondwa kuti mnyamatayo sanawamvere chisoni. Nyengo ya mpira itayambanso, Kapambwe analanda foni ya Zefaniya n'kudzaza yekha kabokosi kaja: mpira wotoledwa ndi sipesho timu, mapointi awiri. Mpaka mpira unatha, palibe sipesho timu ya munthu aliyense m'chipindamo imene inatolanso mpira.

Kaya bedi la pansi likanapulumutsa bondo lija, zimenezo akudziwa ndi madokotala. Koma miyezi yonse ija munthu wamkulu ankakwera zitsulo pamwamba pa bedi lopanda munthu, amuna asanu akuyang'ana zingwe za nsapato zawo n'kumati ndi ulemu. Ndiye inu amene mukugona mosanjikizana m'zipinda za ku Satwa, ku Deira, kaya kulikonse kumene ntchito inakutayani, chonde chitaniko bwino kuposa Zefaniya. Mukamva mnzanu akubuula pa makwerero, musadikire kuti wina ku America agwetse mpira. Tsegulani pakamwa tsiku lomwelo, kokani chitenje chanu, munthuyo agone.